Moŵa Wobisala m'Madzi a Zipatso

Nyengo ya Khirisimasi kapena ya maukwati ikafika, ana athu amene amagwira ntchito ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amabwera kumudzi ndi katundu. Kale ankabwera ndi shuga, sopo ndi nsalu. Masiku ano pamwamba pa zimenezi pamakhalanso botolo lokongola la jini, la wisiki, kapena la vodka yonunkhira ngati nanazi. Madzulo mnyamata uja amaitanitsa jagi, mandimu ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, nayamba kusakaniza monga anaonera ku hotela kapena pa lamya yake ya m'manja. Chimene chimatuluka m'jagimo ndi chofiira kapena chachikasu, chotsekemera, chosaŵaŵa kukhosi ngakhale pang'ono.

Ine ndinaona zimenezi ndi maso anga pa chinkhoswe cha mbale wanga wina. Mayi wina wachikulire, amene moyo wake wonse sanalaŵepo kachasu, analandira tambula nati, "Komatu aŵa ndi madzi a zipatso chabe, ondiwonjezerani." Tambula yachitatu isanathe miyendo inakana kuŵanyamula. Anagwera pa mwala wa pakhonde, ndipo usiku womwewo tinaŵatengera ku chipatala pa njinga kuti akaŵasoke pamphumi. Palibe amene anaŵanamiza mwadala. Mnyamata wosakanizayo nayenso sanadziŵe kuchuluka kwa moŵa umene anathira, pakuti ankangopendeka botolo mpaka mtima wake utakhutira.

Chakumwa chosakaniza chotere Azungu amachitcha cocktail. Amene samwa moŵa asayambe chifukwa cha nkhani ino, ndipo ena adzafunsa chifukwa chake tikukamba za kasakanizidwe ka moŵa m'malo mongouletsa. Yankho langa ndi lakuti mabotolo aja afika kale m'midzi yathu, ndipo ovulala nawo akufika kale pa mabenchi a zipatala zathu. Maganizo anga ndi aŵa: kwa eni ake a luso limeneli tatengako mtundu wokongola ndi kutsekemera, koma tasiya chinthu chimene iwo amachiyesa mwini nkhani, ndicho muyeso.

Luso losakaniza moŵa linakulira ku America. M'chaka cha 1806 nyuzipepala ina ya m'tauni ya Hudson, m'chigawo cha New York, inalongosola cocktail kuti ndi moŵa waukali wosakaniza ndi shuga, madzi ndi timadontho ta mankhwala oŵaŵa a zitsamba. M'chaka cha 1862 wogulitsa moŵa wina wotchuka, Jerry Thomas, anasindikiza buku la kasakanizidwe ka zakumwa, ndipo m'bukumo ankatchula kuchuluka kwa zothira, masipuni angati a ichi, matambula angati a icho. Mpaka lero wosakaniza wodziŵa ntchito yake amakhala ndi kakapu kachitsulo koyesera. Amatero kuti chakumwa chikome chimodzimodzi tsiku lililonse, ndiponso kuti mwini sitolo asaluze. Koma phindu lina limagwera wakumwayo, pakuti amadziŵa chimene chaloŵa m'thupi mwake.

Mbiri yomweyo ili ndi mbali ina yoipa. Kuyambira m'chaka cha 1920 mpaka 1933 boma la America linaletsa kupanga ndi kugulitsa moŵa. Anthu anayamba kutcheza mobisa, ndipo moŵa wambiri unali woipa, wonunkha, wina wapoizoni ndithu. Kuti umweke ankauthira uchi, madzi a mandimu ndi a malalanje. Anthu zikwizikwi anafa ndi moŵa wapoizoni m'zaka zimenezo. Tsono kutsekemera kuli ndi ntchito ziŵiri: kukometsa chakumwa chabwino, ndi kuphimba choipa. Lilime palokha silingasiyanitse ntchito ziŵirizi.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, poti masamu ake ndi apafupi. Chimene chimaledzeretsa mu moŵa uliwonse, kaya ndi masese, kachasu kapena wisiki, ndi chinthu chimodzi chotchedwa ethanol. Mu moŵa wa m'mabotolo umene timauti biya, ethanol amakhala pafupifupi magawo 5 pa magawo 100 aliwonse. Mu jini, wisiki, bulandi ndi vodka amakhala pafupifupi magawo 40 pa 100. Toti imodzi ya mamililita 30, ndiye kuti masipuni aakulu aŵiri, ili ndi mphamvu ya pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a botolo la biya la mamililita 330. Botolo la jini la mamililita 750 muli matoti 25, ndipo mphamvu yake ndi ya mabotolo a biya 18. Munthu akapendeka botolo ndi dzanja nadzaza gawo limodzi la magawo atatu a tambula, wathira pafupifupi matoti atatu. Mayi a pa chinkhoswe aja, ndi matambula awo atatu, anamwa zofanana ndi mabotolo a biya pafupifupi 6, m'nthaŵi yosakwana ola limodzi, m'mimba mulibe kanthu popeza nsima inali isanapse. Akadaŵaikira mabotolo 6 patsogolo akadakana ndi mkwiyo.

Chiŵindi cha munthu wamkulu chimachotsa m'magazi pafupifupi toti imodzi pa ola, ndipo cha ena chimachedwa kuposa apo. Palibe chimene chingachifulumizitse. Khofi, kusamba madzi ozizira, kuvina, zonsezi zingamtsitsimutse munthu pang'ono koma moŵa uli m'magazi momwemo. Amayi amaledzera msanga kuposa abambo pa muyeso wofanana, chifukwa matupi awo ali ndi madzi ocheperapo osungunulira moŵa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaŵerengera kuti kumwa magalamu 60 a ethanol pa nthaŵi imodzi ndi kumwa koopsa, ndipo magalamu 60 ndi matoti 6 okha.

Kuŵaŵa kwa moŵa waukali ndi mlonda amene chilengedwe chinaika pakhosi. Kachasu wosasakaniza amawotcha, munthu amakwinya nkhope, amapuma kaye. Shuga ndi zipatso zimamgoneka mlonda ameneyu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nchifukwa chake ine ndimaopa kwambiri moŵa wamakono wothira fungo la nanazi, la sitiroberi, la khofi kapena la mkaka, kuposa umene umanunkha moŵa poyera. Wina mwa moŵa wonunkhirawu mphamvu yake ndi yocheperapo, wina ayi. Chimene chimanena zoona ndi nambala yolembedwa pa pepala la pabotolo, osati fungo. Ndipo pali chakumwa china chotchuka m'mahotela, Long Island Iced Tea, chimene dzina lake ndi maonekedwe ake ndi a tiyi, chikhalirecho mulibe tiyi ngakhale dontho: muli mitundu isanu ya moŵa waukali ndi kola pang'ono wopatsa mtundu.

Tinaona kale m'dera lathu lino zimene moŵa waukali wotsekemera umachita ukafika kwa ana. Dziko la Zambia linaletsa timapaketi ta moŵa totchedwa tujilijili m'chaka cha 2012, ndipo dziko la Malaŵi linaletsa masacheti m'chaka cha 2015, pakuti ana a sukulu ankabisa timapaketito m'matumba a yunifomu. Kungakhale kupusa kuti chimene tinachithamangitsa m'magolosale tichikonze tokha pa tebulo la m'nyumba. Mwana akaona jagi yofiira amaganiza kuti ndi Sobo. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo moŵa umagwetsa shuga wa m'magazi ake mwadzidzidzi, kotero kuti akhoza kukomoka, kugwidwa ndi zinjirinjiri, ngakhale kufa kumene, ndi muyeso umene wamkulu angangoseka nawo.

Tsono za moŵa wodula. Pali chikhulupiriro chakuti botolo la mtengo wapatali silivulaza, kuti ndi moŵa wa mabwana, wosapatsa matsire. Ndalama zambiri zija zimagula zinthu zenizeni ndithu. Wisiki wa ku Scotland, mwa lamulo la kwawoko, ayenera kukhala m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera zitatu, ndipo wina amakhalamo zaka 12 kapena 18. Kukoma kwake kumachokera kumeneko. Zimagulanso chinthu chimene ine ndimachiyamikira koposa, ndicho botolo lomata bwino lolembedwa mphamvu yake yeniyeni. Koma ethanol wa m'botolo lodula ndi yemweyo wa m'botolo lotchipa. Chiŵindi sichiŵerenga pepala la pabotolo. Kuyambira m'chaka cha 1988 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika moŵa m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mosakayikitsa, ndipo silinapatule wodula. Khansa ya m'kamwa, ya kummero, ya chiŵindi, ya m'matumbo ndi ya m'maŵere zonse zimakhudzana ndi moŵa. Lipoti la WHO la m'chaka cha 2024 linati anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anafa chifukwa cha moŵa m'chaka cha 2019 chokha. Ndiponso botolo lodula ndi limene akuba amakonda kulitola, kulidzaza ndi zina, ndi kuligulitsanso. Chitsekero chikakhala chothyoka kale, kapena mtengo ukatsika modabwitsa, lisiyeni.

Botolo lochokera ku tauni likatha, phwando silitha. Wina amatumidwa kuseri kwa mudzi kukagula kachasu, nathiridwa m'jagi momwemo, ndipo alendo sazindikira kuti zasintha. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Akatswiri a ziyankhulo amati dzina lakuti kachasu linachokera ku mau a Chipwitikizi akuti cachaça, moŵa wa nzimbe wa ku Brazil, umene kumeneko amausakaniza ndi mandimu ndi shuga nkupanga chakumwa chawo chotchuka cha caipirinha. Dzina ndi lachibale, koma cachaça wa m'sitolo ali ndi nambala pabotolo pamene kachasu alibe. Woyamba kudontha potcheza ndi waukali kwambiri, wotsiriza ndi wofooka, ndipo ngakhale mayi wotchezayo sangakuuzeni nambala yake. Chinthu chosadziŵika mphamvu sichiyeseka, ngakhale mutakhala ndi sipuni yabwino chotani.

Choopsa china ndi methanol, mbale wake wa ethanol amene amapezeka mu sipiriti wa m'mafakitale. Ogulitsa ena osaopa Mulungu amathira sipiriti wotere mu moŵa kuti uchuluke ndi kukalipa. Mamililita 10 a methanol, masipuni aang'ono aŵiri, akhoza kuchititsa munthu khungu losachira, ndipo mamililita 30 akhoza kupha. M'mwezi wa Novembala 2024 alendo 6 ochokera ku maiko akunja anafa atamwa moŵa wokhala ndi methanol m'tauni ya Vang Vieng m'dziko la Laos. Anali anthu ophunzira, ndi ndalama zoyendera maiko, koma m'tambula methanol saoneka, ndipo fungo lake silisiyana kwenikweni ndi la moŵa wamba. Kuipa kwake nkwakuti amachedwa kudziulula. Munthu amagona ngati woledzera wamba, ndipo patapita maola 12 kapena 24 amayamba kumva mutu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira, ndi kuona ngati kuli nkhungu kapena chifunga.

Ndinenepo za jini ndi toniki, poti alendo obwera ku nyanja yathu amakonda kutamanda Malawi Gin wosakaniza ndi toniki, ndipo ena amaseka nati ndi mankhwala a malungo. Nthabwala imeneyi ili ndi gwero lake. Angelezi amene ankalamulira dziko la India ankamwa kwinini, wochokera ku khungwa la mtengo wa cinchona, pofuna kupeŵa malungo, ndipo popeza kwinini ndi woŵaŵa kwambiri ankamsakaniza ndi madzi, shuga ndi jini. Koma toniki wa masiku ano ali ndi kwinini wongopatsa kakomedwe. Ku America lamulo sililola kupitirira mamiligalamu 83 pa lita imodzi. Munthu wamkulu wodwala malungo akamapatsidwa kwinini wa mapiritsi amamwa mamiligalamu 600 katatu pa tsiku. Kuti apeze muyeso umenewu mu toniki ayenera kumwa malita oposa 21 pa tsiku, kuposa ndowa yathunthu. Wotentha thupi apite akayezetse magazi, alandire LA, amene wakhala mankhwala oyamba a malungo m'Malaŵi kuyambira m'chaka cha 2007, ndipo usiku agone m'masikito.

Achinyamata ali ndi chizoloŵezi chosakaniza moŵa waukali ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Muli caffeine wambiri, amene amachotsa tulo koma sachotsa kuledzera. Munthu amene akadagona pa toti yachinayi amapitiriza mpaka yachisanu ndi chitatu, nadziona ngati ali bwino, nakwera njinga yamoto atanyamula mnzake kumbuyo.

Madzi oundana nawonso tisaŵakhulupirire msanga. Kuundana sikupha tizilombo tonse, ndipo moŵa wa m'tambula, umene wasungunuka kale ndi zipatso, sungayeretse madzi oipa. Mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi opangira ayisi ndi osungunulira zipatso akhale oŵiritsa kapena othira klorini, zipatso zitsukidwe, ndi manja omwe.

Inu amene mukuŵerenga izi muli pa mzere wodikira dokotala, yang'anani mankhwala amene mulandire lero. Amene mwapatsidwa Flagyl musalaŵe moŵa mpaka patapita masiku aŵiri mutatsiriza mankhwalawo. Mankhwala a chifuŵa chachikulu amalemetsa kale chiŵindi, ndipo moŵa umawonjezera katundu. Panado womwera matsire tsiku ndi tsiku amawononga chiŵindi chomwecho. Kwa odwala khunyu moŵa umaitana kugwa. Kwa odwala shuga chakumwa chosakaniza chimakweza shuga poyamba nkudzamgwetsa usiku munthu ali m'tulo. Kwa a kuthamanga kwa magazi chimakweza magaziwo. Amene muli pa ma ARV, mdani wanu wamkulu ndi kuiŵala kumwa mankhwala pa nthaŵi yake. Mayi woyembekezera asamwe ngakhale toti imodzi, pakuti moŵa umadutsa kufika kwa mwana ndi kuwononga ubongo wake umene ukungoumbika, ndipo kuwonongeka kumeneko sikuchira.

Nanga wofuna kusangalatsa alendo ake achite chiyani? Apa ndi pamene ife a kumudzi tili olemera kuposa a m'tauni. Fungo la zipatso limene ena amaligula m'botolo ndi ndalama zambiri, ife tili nalo pa mtengo kuseri kwa nyumba. Bwemba wonyika m'madzi ofunda ndi kusefa amapereka kuwawasa kokoma kumene mandimu okha sangapereke. Ufa wa malambe umapanga chakumwa choyera chokhuthala. Chidede choŵiritsa chimatulutsa mtundu wofiira woposa wa m'sitolo. Pali magalagadeya, magwafa, mango, nanazi, masau, jinja wosinja, ndi udzu uja wonunkhira mandimu umene timathira mu tiyi. Chinsinsi cha osakaniza onse ndi kulinganiza zinthu zitatu: chowawasa, chotsekemera ndi madzi. Mwachitsanzo, sefani madzi a bwemba okwana jagi imodzi, finyiranimo mandimu aŵiri, thirani jinja pang'ono ndi uchi kapena shuga wongokwanira kuthyola kuwawasako, ndipo muziziritse jagiyo mu mtsuko wa madzi ngati mulibe filiji. Laŵani, konzani, laŵaninso. Luso lonse lagona pamenepo, ndipo taonani kuti mpaka apa moŵa sunaloŵemo. Chakumwa chimenechi chakwanira pachokha, ndipo agogo, ana, amayi oyembekezera ndi woyendetsa galimoto akhoza kumwa onse.

Lamulo limene ndikupempha mwini nyumba aliyense kuti alisunge ndi limodzi: moŵa usathiridwe m'jagi. Jagi ikhale ya zipatso zokha. Botolo likhale m'manja mwa munthu mmodzi wamkulu wosamwa tsiku limenelo, ndipo wofuna moŵa abwere ndi tambula yake, athiriridwe masipuni aakulu aŵiri iye akuona, kenaka tambulayo idzazidwe ndi madzi a zipatso. Potero palibe amene amwe moŵa mosadziŵa, aliyense akhoza kuŵerenga matoti ake, ndipo kachasu sangaloŵe mozemba. Chakudya chiyambe, chakumwa chitsatire. Wosakwana zaka 18 asapatsidwe, pakuti ndi lamulo la dziko.

Ndikudziŵa chimene chidzanenedwe. Adzati mwini nyumba uyu ndi woumira, akuyesa moŵa ndi sipuni ngati mankhwala a chifuŵa. Kwathu kuno kuoloŵa manja ndi ulemu, ndipo tambula yosadzaza imaoneka ngati chipongwe. Koma tambula idzadzaza ndithu, ndi zipatso. Ku hotela kumene mwana wanu anaonera zimenezi amayesa chimodzimodzi, ndipo palibe bwana amene amakwiya. Mlendo ndi wa mwini nyumba mpaka atafika kwawo. Akagwera m'ngalande pobwerera, mudzi wonse umafunsa kumene anamwera.

Zikalakwika, woledzera kwambiri musamsiye yekha kuti agone zithe. Mgonekeni chammbali, bondo lapamwamba litapindika, kuti akasanza masanzi asaloŵe m'mapapo. Musamuthire madzi ozizira, musamkakamize kudya kapena kumwa ali chikomokere, koma mfunditseni. Ngati sakudzuka pomugwedeza, ngati akupuma mwapatalipatali, ngati milomo yasintha mtundu, kapena ngati ndi mwana, thamangani naye ku chipatala nthaŵi yomweyo. Amene wadzuka m'maŵa akuona zinthu mwachimbuuzi asadikire kuti dzuŵa likwere, ndipo onse amene anamwa naye limodzi apite nawo ngakhale akudzimva bwino. Mukafika, uzani dokotala zoona zokhazokha za chimene chinamwedwa, kuchuluka kwake ndi nthaŵi yake, ndipo botolo lija, ngakhale mutatsala madontho okha, mulitenge.